GTA 6 ikubwera, koma pa Migowi tidakali pa PS3

Pa 6 Novembala 2025 kampani ya Rockstar inalengeza kuti gemu ya Grand Theft Auto VI, imene aliyense amangoitchula kuti GTA 6, yasunthidwanso. Poyamba anati ituluka mu 2025, kenako anati pa 26 Meyi 2026, kenakonso anati tidikire mpaka pa 19 Novembala 2026. Ku America ndi ku Ulaya anthu anakwiya ngati alandidwa chakudya pakamwa. Kuno ku Phalombe ndikudziwa munthu mmodzi amene mtima wake unakhala pansi atamva nkhaniyi: mphwanga, mwana wa amayi aang'ono, amene ali ndi kashopu ka magemu pa Migowi. Kwa iyeyo kuchedwaku kukutanthauza kuti akolola nandolo wina kaye GTA 6 isanatuluke.

Mavuto ake ndi awa. Rockstar inanena kuti gemuyi idzatulukira pa PlayStation 5 ndi pa Xbox Series X ndi S basi. Pa PS4 ayi, pa PS3 ndiye musatchule n'komwe. M'shopu ya mphwangayo muli ma TV awiri, mabenchi atatu, PS3 imodzi yokalamba imene imalira ngati chigayo ikatentha, ndi PS4 imodzi imene anagula yogwiritsidwa kale ntchito ku Limbe. Makasitomala ake, anyamata a kabaza, ana a sekondale ndi mavenda ogula mbewu, anaonera kale timavidiyo ta GTA 6 pa mafoni awo. Akudziwa kuti nkhani yake ikuchitikira ku Vice City, akudziwa Jason ndi Lucia ngati anthu a m'mudzi mwawo, ndipo tsiku lililonse pamakhala womufunsa kuti: "Aise, ikatuluka tidzaisewera pano kapena tizipita ku Blantyre?"

Funsoli limamveka lanthabwala, koma kumbuyo kwake kuli ndalama zoti banja lonse lingadye kwa miyezi.

Zionetsero zimene zimatiika njala

Amene munafikako ku Chichiri nthawi ya chionetsero cha zamalonda mukudziwa mmene zimakhalira: kampani iliyonse imamanga kachisakasa kake, imakonza katundu wake bwinobwino, n'kumakuuzani kuti chaka chino zinthu zasintha. Opanga magemu nawo ali ndi Chichiri wawo. Kwa zaka zambiri chionetsero chachikulu chinali E3, chimene kuyambira mu 1995 kawirikawiri chinkachitika ku Los Angeles. Chaka choyambacho ndi pamene Sega inalengeza kuti makina ake a Saturn agulitsidwa pa madola 399, kenako bwana wina wa Sony, Steve Race, anakwera pansanja, anangotchula nambala 299, n'kutsika. Umenewo unali mtengo wa PlayStation yoyamba, ndipo nkhondo inathera pomwepo. Mu 2013 Sony inabwerezanso chimodzimodzi: Microsoft itati Xbox One ndi madola 499, iwo anati PS4 ndi 399. PS4 yomweyo ndi imene lero ikudyetsa mphwanga, patatha zaka zoposa 12.

E3 inafa. Komaliza kusonkhana anthu pamaso ndi pamaso kunali mu 2019, corona inabwera, makampani anazolowera kulengeza zinthu zawo okha pa YouTube, ndipo mu Disembala 2023 eni ake ananena poyera kuti basi, sichidzachitikanso. M'malo mwake muli Summer Game Fest ya mu Juni ku Los Angeles komweko, Tokyo Game Show ya mu Seputembala, ndi Gamescom ya mumzinda wa Cologne ku Germany, imene imachitika mu Ogasiti ndipo panopa ndiyo yaikulu kuposa zonse. Mu 2025 kunafika anthu oposa 350,000. Apa pafupi, ku Johannesburg, kuli rAge ndi Comic Con Africa, kumene abale athu ena a ku Joni amapita kukajambulitsa zithunzi zotipweteka nazo mtima pa WhatsApp.

Ine Gamescom ndimaikonda pa chifukwa chimodzi chosakhudzana ndi magemu: mu Ogasiti nthawi ya ku Germany ndi ya ku Malawi zimafanana. Mwambo wotsegulira unayamba 8 koloko usiku pa 19 Ogasiti 2025, nthawi yoti munthu wadya nsima ndipo sanagone. Summer Game Fest imayamba 11 koloko usiku, ndipo pofika pakati umapezeka foni yakugwera pamphuno. Tsiku limenelo tinali anthu asanu ndi awiri kuzungulira foni imodzi pakhonde la shopu, titasonkherana ya bandulo, kunja kukudutsa magalimoto a kampeni poti chisankho cha pa 16 Seputembala chinali pafupi. Vidiyo tinaitsitsa mpaka nkhope za anthu zinkaoneka ngati zopakidwa matope, kuti data ifike kumapeto.

Tinaona Call of Duty: Black Ops 7. Tinaona Resident Evil Requiem, imene inatuluka pa 27 Febuluwale 2026, ndipo mnyamata wina amene amadzitcha dolo anayang'ana kumbali pamene chinthu chija chinatulukira mumdima. Kumapeto anaonetsa Black Myth: Zhong Kui, ya anthu a ku China aja anapanga Black Myth: Wukong. GTA 6 kunalibe. Rockstar sipita ku zionetserozi. Ikafuna imangoponya kavidiyo pa intaneti, dziko lonse n'kuima. Koyamba kaja, ka mu Disembala 2023, kanaoneredwa maulendo oposa 90 miliyoni pa YouTube tsiku limodzi lokha.

Pamene mwambo unatha, panali kachetechete wina wake. Kenako wina anati, "Bwana, tayatsani PS3 tiponye ya mpira." Tinaseka, n'kulowa m'kati.

Tiwerengere limodzi

Chimene timavidiyo tolawitsa sitikuuzani ndi mtengo. Nintendo Switch 2 inatuluka pa 5 Juni 2025 pa madola 450, ndipo inagulidwa yoposa 3.5 miliyoni m'masiku anayi oyamba. ROG Xbox Ally, kamakina kogwira m'manja kamene tsiku lake lotulukira analengeza ku Gamescom, kanafika m'masitolo pa 16 Okutobala: kotchipa madola 600, kamphamvu madola 1,000. Ndipo sabata yomweyo ya Gamescom, Sony inakweza mtengo wa PS5 ku America kufika pa madola 550. Taganizani, makina amene anatuluka mu Novembala 2020 pa madola 500 akukwera mtengo atakalamba. Kale sizinkatero. Kale ukadikira zaka zitatu kapena zinayi mtengo unkatsika, ndipo amphawife kudikira ndiye kunali chida chathu.

Tsopano tisinthe mu makwacha. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pofika mu 2025 ku banki dola imodzi inali cha m'ma K1,750. Ndiye kuti pa nthawiyo Switch 2 inali pafupifupi K790,000, PS5 pafupifupi K960,000, Ally yaikulu ija K1.75 miliyoni. Koma nonse mukudziwa kuti dola ya ku banki ili ngati nyanga ya kalulu, timangoimva. Wamalonda amene amakatenga katundu ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku Dubai ndalama yakunja amaipeza pamtengo woposa kuwirikiza kawiri, aikepo thiransipoti, msonkho wa pa boda ndi phindu lake. PS5 yatsopano ikamafika pa shelefu ku Blantyre imakhala itadutsa K2 miliyoni. Apo simunagule padi yachiwiri, simunagule gemu, imene yatsopano ndi madola 70.

Ndalama ya mphwanga imachokera kuwiri: timakobiri ta m'shopu ndi munda wa nandolo umene amalima limodzi ndi mayi ake. Nandolo wa ku Phalombe ndi Mulanje wambiri amakathera ku India. Boma la kumeneko litachepetsa wolowa m'dziko mwawo mu 2017, mtengo kuno unagwa mpaka anthu ankangomuunjika m'nyumba. Mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana kuti Malawi azitumiza matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, koma mlimi aliyense akuuzani kuti mtengo wa pa sikelo ya venda umasintha ngati nyengo ya m'phiri la Michesi. Choncho mnyamata wa pa Migowi ali pakati: mtengo wa chimene akugulitsa ukupangidwa ku Delhi, mtengo wa chimene akufuna kugula ukupangidwa ku Tokyo. Iye chake n'kupalira.

Magemu amatifika ngati kaunjika

Palibe chochititsa manyazi apa, ndi mmene zilili. Makina a magemu amafika kuno mwini wake woyamba atatopa nawo. PS2 inatuluka mu 2000, ndipo ndi makina amene anagulidwa kwambiri m'mbiri yonse, oposa 160 miliyoni. Ine ndinaigwira koyamba ndili ku pulayimale, m'chipinda cha mdima kuseri kwa vidiyo sho, zaka zambiri azungu atayamba kale kuiiwala. Mpaka lero mukayenda m'misika ya kuno, ku Chiringa, ku Chitekesa kapena ku Nkhulambe, musadabwe kupeza PS2 ikugwira ntchito pa batire ya galimoto, ana akusewera GTA San Andreas ya mu 2004 kapena mpira wa PES umene akatswiri a pa intaneti anausintha kuti mukhale osewera a chaka chino. Nkhope ndi ya munthu wina, dzina ndi la Haaland, koma chigoli ndi chigoli.

Njira yake ndi yodziwika. Mwana wa ku London kapena ku Johannesburg wagula zatsopano, zakale zapita pa msika, m'bale wathu wazigula, wazikulunga m'bulangete, zakwera basi kudutsa ku Mwanza kapena ku Dedza, zafika ku Limbe, zakonzedwa, zafika pa Migowi pa minibasi. Ulendo umenewu umatenga zaka zisanu mpaka khumi. GTA 5 inatuluka mu 2013 ndipo inatichitira chifundo: inalipo pa PS3, pa PS4 ndi pa PS5 pomwe, ndiye aliyense anaipeza pa msinkhu wake.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine si kuchedwa kwa GTA 6 ayi. N'choti njira ya kaunjikayi ikutsekeka pang'onopang'ono, ndipo zimenezi ku zionetsero amazinena mothamanga, ngati malamulo a ngongole ya katapila. Chimbale chikutha. PS5 Pro, ya madola 700 pamene inkatuluka mu Novembala 2024, imabwera yopanda polowetsa chimbale. Mukafuna mugule padera. Xbox Series S ilibiretu. Magemu ambiri a Switch 2 akugulitsidwa pa timakhadi timene m'kati mwake mulibe gemu, muli kiyi chabe, gemuyo muikoke nokha pa intaneti. Chimbale munthu umatha kubwereka, kusinthana, kugula chakale kwa mnzako. Gemu yomangiriridwa ku akaunti ya munthu wa ku Manchester siingakwere basi kubwera ku Phalombe.

Ndiye tikambe za kukoka pa intanetiko. Magemu akuluakulu a masiku ano amaposa 100 GB, ndipo ukangomaliza amakuuzanso kuti pali zina zoti uwonjezere usanasewere. Inu amene mumagula bandulo ya 1 GB n'kumaisunga ngati mchere wa kwa apongozi, werengerani nokha. Starlink inafika m'Malawi mu 2023 ndipo malo ena ogona alendo ndi maofesi ali nayo, koma si ya kashopu ka mabenchi atatu. Pamwamba pa izo, Malawi mulibe pa mndandanda wa mayiko amene munthu amasankha potsegula akaunti ya PlayStation. Timanama kuti tili ku South Africa kapena ku America, n'kumagula timakhadi ta ndalama za kumeneko kudzera mwa anthu ena.

Magetsi nawo. PS5 ikamasewera imadya mawati pafupifupi 200, musanawerengere TV. Switch yoyamba siifika n'komwe 20. Kwa munthu wa pa sola ndi batire kusiyana kumeneku ndi kwa pakati pa kutseka shopu 9 koloko usiku ndi kutseka dzuwa likangolowa. Tonse tikukumbukira mmene zinalili Kapichira atawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, dziko litataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wogula makina a K2 miliyoni osaganizira zimenezi akugula ng'ombe alibe khola.

Bwalo la pa mkeka

Kwathu kuno mwana sagulitsa mbewu ya m'munda wa mayi ake n'kupanga nazo zofuna zake amalume asanamve. Ndiye nkhani ya PS5 inafika pa mkeka tsiku lina Lamlungu, titachoka ku tchalitchi, thobwa ali pakati. Mphwanga anafotokoza bwino ndithu, ndi manambala olembedwa m'kope: kuti akakhala woyamba kukhala ndi PS5 pa Migowi, makasitomala onse a mashopu ena adzabwera kwa iye, adzakweza mtengo wa gemu imodzi, ndalama idzabwerera.

Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pa bondo. Kenako anafunsa: "Mphwanga, chimakina chimenechi chikafa, wokonza ali kuti?"

"Ku Blantyre aliko, amalume."

"Nanga akubawa akadzamva kuti m'kashopu ka zitseko za malata muli katundu wa mamiliyoni awiri, udzigona momwemo?"

Mayi ake sanalankhule zambiri. Anangokumbutsa kuti khoma limodzi la nyumba, limene linagwa ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, linamangidwanso ndi zidina zosawotcha, ndipo mvula yayandikira. Amene muli a kuno mukudziwa kuti mawu amenewo salimbana nawo. Freddy anatisiyira mabala amene sanapole, makamaka ku Nkhulambe ndi m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri, ndipo akuluakulu akamaona mitambo yakuda pa Michesi amakumbukirabe napolo wa mu 1991.

Koma chimene chinandigwira mtima chinachokera kwa mlamu wathu, amene ndi mphunzitsi wa ku pulayimale. Iye sanakambe za ndalama. Anafunsa kuti, "Alamu, GTA imeneyi ndi ya ana?" Yankho ndi lakuti ayi. Pa chikuto cha GTA 5 pali nambala 18 yofiira, chizindikiro cha bungwe la ku Ulaya la PEGI chosonyeza kuti ndi ya akuluakulu okha: muli kuwombera anthu, kuba magalimoto, mankhwala ozunguza bongo, kutukwana ndi za kuchipinda. Kunjako sitolo imayenera kuyang'ana msinkhu wa wogula. Kuno chimbale chimafika chopanda chikuto, ndipo mwana wa Sitandade 5 amene wabweretsa kandalama kake amakhala pa benchi lomwelo ndi mnyamata wa ndevu. Makolo ambiri amaganiza kuti gemu iliyonse ndi zidole. Ine ndimakonda GTA, ndaisewera kwa zaka, koma mwana wa mchemwali wanga sindingamupatse padi kuti aisewere. Nambala zija, 3, 7, 12, 16 ndi 18, zili ndi ntchito, ndipo inu amene muli ndi foni yoti mungafufuzire ndinu amene muyenera kuwauza amayi kunyumba tanthauzo lake.

Mlamuyo anapempha zinthu ziwiri: mwana wa yunifolomu asalowe m'shopu nthawi ya sukulu, ndipo magemu a 18 aziyatsidwa madzulo okha ana atapita. Mphwanga anang'ung'udza kuti ana a sukuluwo ndiye makasitomala okhulupirika, koma anavomera. Lamulo loyambalo analilemba ndi choko pa chitseko. Lachiwirilo ndimaona kuti masiku ena limaiwalika msika ukakhala wa anthu ambiri, ndipo ndimamuuza.

Za PS5 bwalo linagamula kuti idikire. Theka la ndalama ya nandolo linapita ku simenti ndi feteleza. Yotsalayo anagulira mapadi awiri abwino, batire ina, ndipo akusunga yoti apezere PS4 yachiwiri kuti PS3 ija ipume.

Kunena zoona, ine ndikuona kuti anachita bwino, osati chifukwa choti amalume ananena. Tayang'anani zimene anthu amasewera m'mashopu athu: pa magemu khumi, ambiri ndi a mpira, kenako Mortal Kombat ndi Tekken, ya anthu awiri, ya mphindi zochepa, woluza adzuke. GTA ndi gemu ya munthu mmodzi wokhala maola, ena akungoonerera ulere. Imakopa anthu pakhomo koma si imene imadzaza kabokosi ka ndalama. Ndipo mpira ulipo pa PS4: EA Sports FC 26, imene inatuluka mu Seputembala 2025, ikusewereka pamenepo. Dzina loti FIFA linatha ndi FIFA 23, ngakhale kuno tidzaitchulabe FIFA mpaka kalekale, monga mmene mankhwala onse otsukira mano alili Colgate.

Mu FC muli chinthu china chimene PS5 siingawonjezere kukoma kwake. Popeza muli ma ligi a amayi a ku America ndi ku France, mumapezeka Temwa Chawinga wa Kansas City Current ndi mkulu wake Tabitha wa ku Lyon. Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya NWSL mu 2024, zimene palibe anali atachitapo, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Tsiku limene anyamata anatulukira kuti mbendera ya Malawi ili mu gemu, shopu inasanduka bwalo la Kamuzu. Anthu omwe aja amati mpira wa akazi saonera ankalimbirana kuti atenge Kansas City. Kuyambira pamenepo atsikana awiri atatu ayamba kumalowa kudzasewera, chinthu chimene kale sichinkachitika.

Mawu amodzi kwa amene mwatenthedwa kale mutu. Gemu yaikulu ikayandikira, pa Facebook ndi pa WhatsApp pamadzaza anthu oti tumizani theka pa foni tikusungireni PS5 yotchipa yochokera ku Joni, kapena dinani apa mukoke GTA 6 ya pa foni. GTA 6 ya pa foni kulibe, ngakhale ya pa kompyuta sanailengeze. Chimene mungakoke pamenepo ndi kachilombo kokuberani manambala achinsinsi. Mnzathu wina wa kabaza anatumiza ndalama ya miyezi iwiri kwa munthu amene anali ndi zithunzi zokongola za makatoni. Mawa lake nambala inali yosapezeka. Makina ogwiritsidwa kale ntchito muziwagula mutawaona akuyaka, mutasewerapo mpaka atenthe.

Makina amene tili nawo kale m'thumba

Pamene tikuyang'ana ku Cologne, tisaiwale kuti makina a magemu a Amalawi ambiri ndi foni. Pitani kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pa msika uliwonse, mupeza akuikiranso anthu magemu pa memori. PPSSPP, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2012, imachititsa kuti itel kapena Tecno yanu izisewera magemu a PSP, ndipo God of War ndi Tekken zafika m'midzi imene PlayStation sinapondemo. Dream League Soccer anthu amaivalitsa yunifolomu ya Bullets kapena ya Manoma. eFootball, imene inalowa m'malo mwa PES mu 2021, ndi yaulere, ngakhale imafuna netiweki yosadukaduka. Makampani akuluakulu akuziona zimenezi: mu 2024 Sony inaika ndalama mu Carry1st, kampani ya ku Cape Town yofalitsa magemu a pa foni mu Africa.

Ndipo pa zonse zimene zinaonetsedwa mu 2025, imene ine ndinkaidikira kwenikweni si GTA. Ndi Relooted, imene inaonetsedwa mu Juni pa nthawi ya Summer Game Fest. Opanga ake ndi Nyamakop, kagulu ka ku Johannesburg kamene mu 2018 kanatulutsa Semblance pa Nintendo Switch. Mu Relooted wosewera amatsogolera gulu la anthu a mu Africa lokalanda, m'nyumba zosungiramo zakale za azungu, zinthu zimene zinatengedwa kuno nthawi ya atsamunda. Zinthu zake ndi zenizeni, zilipo 70. Nditaona kavidiyo kake ndinakumbukira chibade cha munthu wakale chimene chinapezeka ku Kabwe ku Zambia mu 1921, chimene mpaka lero chili ku London ngakhale a Zambia akhala akuchipempha. Aka kanali koyamba kuti ndione gemu pa chionetsero chachikulu n'kumva kuti akunena za ife, osati ngati malo a nkhondo kapena a nyama zakutchire.

Zinandipatsa maganizo. Hollow Knight: Silksong, imene inagwedeza dziko mu Seputembala 2025 pa mtengo wa madola 20 okha, inapangidwa ndi kagulu ka anthu atatu ku Adelaide, ku Australia. Si zonse zimafuna mabiliyoni. Nanga ife nkhani tilibe? Phiri la Mulanje, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse mu Julaye 2025, ladzaza ndi nthano: mizimu ya pa Sapitwa imene imakusiyira chakudya koma usaitane mnzako, napolo amene amasamuka kuchoka m'phiri kupita ku nyanja akukokolola zonse. Pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi pali Fort Lister, linga limene linamangidwa mu 1893 kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Mwana wa ku MUST kapena ku MUBAS amene akuphunzira za makompyuta atapanga gemu ya munthu wothawa pa njira imeneyo usiku, ng'oma za tchopa zikumveka kumbuyo, yoti ilowe pa foni ya 2 GB, ine ndingalipire. Ngakhale bawo yabwino yoti ndizisewera ndi amalume iwo ali ku Phalombe ine ndili ku Lilongwe, ndingalipire.

Chionetsero chotsatira chinali The Game Awards, pa 11 Disembala 2025 ku Los Angeles. Amapereka mphotho, koma anthu ambiri amaonera chifukwa cha magemu atsopano amene amalengezedwa pakatipakati. Valve nayo mu 2025 inalengeza Steam Machine, kabokosi kolumikiza ku TV kamene pa nthawiyo anati katuluka kumayambiriro kwa 2026, ndipo mtengo wake sanatchule. Kwa ife mwambowu unali cha m'ma 3 koloko m'bandakucha wa pa 12, mkati mwa nyengo yopalira.